Tisanamizire jakisoni wa pamsana pamene magazi tinawasiya atha tikuona

Lero ndilankhula mosapsatira mawu, ndipo ena mundikwiyira, koma bola mumve mpaka kumapeto.

Masiku apitawa ndinali pa Chinakanaka kudikira minibasi yopita ku boma. Pambali panga panali amayi awiri ogulitsa tomato, akukambirana za maliro a mtsikana wina amene anamwalira atangochitidwa opaleshoni yobereketsa. Mmodzi anati, "Anamubaya wa pamsana uja. Ukangobayidwa umenewo, mtima umangoima." Mnzakeyo anavomera, nati mwana wake wamkazi anamuuziratu kuti akadzatchula za opaleshoni adzakane, bola kufera pa mphasa. Ndinalephera kupirira. Ndinafunsa ngati malemuwo ankamwa mapilitsi owonjezera magazi a kusikelo. Yankho linabwera mosavuta, ngati nkhani yabwinobwino: "Aja amakulitsa mwana. Agogo ake anamuletsa." Ndinafunsanso mmene ankaonekera mwezi womaliza. Anati anali atayera m'maso ndi m'manja, ndipo ankapuma kawiri asanafike pa mjigo.

Sindikuweruza maliro a eni ake. Koma taonani mmene timachitira. Mayi amayenda miyezi isanu ndi inayi magazi akutha m'thupi, tonse tikuona, wina osanena kanthu. Tsiku lomaliza timamunyamula pa njinga atatheratu, ndipo zikavuta mlandu wonse timaukankhira kwa jakisoni amene wamupeza kwa mphindi zochepa. Bodza limeneli likuphetsa anthu, chifukwa likuchititsa amayi kuthawa chinthu chowapulumutsa n'kukumbatira chinthu chowapha.

Tiyambe ndi jakisoniyo. Si chinthu chachilendo chimene azungu akuyeserera pa ife. Dokotala wa ku Germany dzina lake August Bier anayamba kuchita opaleshoni pogwiritsa ntchito njirayi mu 1898, ndipo lero m'maiko olemera ndi osauka omwe, amayi ambiri obereka pa opaleshoni amabayidwa jakisoni yemweyu. Amakukhazikani pansi kapena kukugonekani cham'mbali, mumawerama msana, ndipo dokotala wogonetsa amalowetsa singano yopyapyala pakati pa mafupa awiri a m'munsi mwa msana. Malo amenewo amasankhidwa dala, chifukwa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo umathera pamwamba pake. Singano siboola fupa ndipo sitsalira m'thupi. Mankhwala amene amathira, kawirikawiri otchedwa bupivacaine, ndi ochepa osadzaza ndi kasupuni ka tiyi komwe. Miyendo imayamba kutentha, kenaka kulemera, kenaka dzanzi kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi. Mumakhala muli maso. Mumamva kuti akukugwirani ndi kukoka, koma osati ululu wa mpeni. Mwana akalira mumamumva nokha. Pakatha maola awiri kapena atatu dzanzi limayamba kuchoka ndipo miyendo imabwerera.

Njira ina ndi yokugonetsani tulo tofa nato, n'kukulowetsani chubu pakhosi kuti makina azikupumirani. Ambiri mumaipempha imeneyi poganiza kuti ndiyo yabwino popeza simuona kanthu. Kwa mayi wapakati njirayi ili ndi ngozi zake zazikulu. Pakhosi pa mayi woyembekezera pamakhala potupirapo, choncho chubu chimatha kuvuta kulowa. Chakudya chimakhalitsa m'mimba, ndipo mayi ali mtulo chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Mankhwala ogonetsawo amafikanso kwa mwana. Nchifukwa chake madokotala amasankha wa pamsana pokhapokha patakhala chifukwa chokanira.

Izi si za m'mutu mwanga, ndipo umboni wake ndi wa kuno kwathu. Pakati pa 1998 ndi 2000, Dr Paul Fenton, amene ankaphunzitsa za kugonetsa odwala ku College of Medicine ku Blantyre, pamodzi ndi anzake, anasonkhanitsa mbiri ya maopaleshoni obereketsa 8,070 ochitika m'zipatala za maboma 23 ndi zipatala zazikulu ziwiri za m'Malawi muno. Zotsatira zake zinatuluka mu 2003 m'magazini ya madokotala ya BMJ. Amayi 85 anamwalira. Mwa amenewa, 68 sanamwalire pa tebulo la opaleshoni ayi, anamwalira ku wodi opaleshoni itatha kale. Zimene zinapezeka kuti zikuwonjezera imfa zinali kuphulika kwa chiberekero, kutaya magazi ochuluka mpaka kufunika mapaketi awiri kapena kuposerapo, wogonetsa wosaphunzira mokwanira, ndiponso kugonetsedwa tulo m'malo mobayidwa pamsana. Mwamva bwino. Amene anabayidwa pamsana ndiwo anapulumuka kwambiri. Zoona, odwala kwambiri ndi amene nthawi zambiri amagonetsedwa tulo, koma ofufuzawo ataganizira zimenezo kusiyanako kunatsalabe. Ndipo maopaleshoni 94 pa 100 aliwonse anali adzidzidzi, ambiri chifukwa mwana anakanirira panjira. Kunena kwina, amayi ankafika zinthu zitavuta kale.

Tsopano ndinene zoona za mbali inayo, chifukwa sindinabwere kudzakunyengererani. Jakisoni wa pamsana amakhudzadi mtima. Mankhwala aja akagwira, samangochotsa ululu wokha, amamasulanso mitsempha ya magazi ya m'mimba ndi m'miyendo. Mitsemphayo imatakasuka, magazi amadikha m'munsi, obwerera ku mtima amachepa, ndipo BP imatsika. Mayi amatha kumva nseru, chizungulire kapena kusanza. Nthawi zina kugunda kwa mtima kumatsikanso. Izi ndi zodziwika, ndipo wogonetsa amaziyembekezera. Ndicho chifukwa amakuikani diripi asanakubayeni, amapendeketsa tebulo kapena kukutsamiritsani kumanzere kuti mimba isapsinje mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, amayeza BP pafupipafupi, ndipo pambali pake pamakhala mankhwala okweza BP ndi ofulumizitsa mtima atakonzedwa kale. Kwa mayi wa magazi okwanira, kutsikako kumakhala kwa kanthawi ndipo kumakonzeka. Vuto limakula pamene mtima wafika ku thiyeta utatopa kale.

Chimautopetsa n'chiyani? Tiyerekeze chonchi. M'magazi muli tinthu tofiira tonyamula mpweya wabwino kuchoka m'mapapo kupita nawo ku ubongo, ku mtima, ku chiberekero ndi kwa mwana. Kuchipatala timati Hb. Tinthu timeneti tili ngati anyamata a kabaza a pa Chinakanaka tsiku la msika. Akakhala ambiri, katundu yense amafika popanda wothamanga. Akachepa, katundu ndi yemwe uja, ndiye otsalawo ayenera kupalasa mwaliwiro, ulendo pa ulendo, osapuma. Amene amawathamangitsa ndi mtima. Ndicho chifukwa mayi wochepa magazi amamva mtima kugunda kuti thi thi thi ngakhale atangokhala pa mkeka. Ndiye kumbukirani kuti pakati pokha pamawonjezera kale ntchito ya mtima, chifukwa magazi a mayi woyembekezera amachuluka pafupifupi ndi theka la mmene analili, ndipo mbali yaikulu ya owonjezerawo ndi madzi. Mtima wa mayi wochepa magazi wakhala ukuthamanga usana ndi usiku kwa miyezi. Nawonso umafuna mpweya kuti ugwire ntchito, koma ukulandira wochepa.

Mayi wotereyu akalowa mu thiyeta amakumana ndi zinthu zitatu motsatizana. Choyamba, jakisoni watsitsa BP. Chachiwiri, mwana akangotuluka amapatsidwa oxytocin kuti chiberekero chikungike magazi asiye kutuluka, ndipo mankhwala ofunikawa nawonso amatsitsako BP ndi kufulumizitsa mtima kwa mphindi zingapo. Chachitatu, amataya magazi. Pobereka bwinobwino mayi amatha kutaya mpaka theka la lita. Pa opaleshoni zimatha kufika lita imodzi, kuposa mabotolo atatu a Fanta, popanda cholakwika chilichonse. Mayi wa magazi okwanira amataya amenewo, mawa lake n'kumayamwitsa akuseka. Mayi amene analowa ali mbuu alibe potapa. Opaleshoni ndi yomweyo, jakisoni ndi yemweyo, dokotala ndi yemweyo. Chasiyana ndi magazi amene anabwera nawo kuchokera kunyumba.

Ndikambeko za mawaya aja amene amaopsa anthu. Ena amabwerako ku opaleshoni n'kumauza anzawo kuti anawalumikiza ku magetsi. Ayi. Mtima uli ndi timagetsi takechake tochepa kwambiri, tochokera pa kamalo kena pamwamba pa mtimawo, ndipo ndi timeneti timauuza nthawi yogunda. Tinthu tomata pachifuwa tija timangomvetsera timagetsi timeneti, ngati mmene khutu limamvera ng'oma. Sitilowetsa kanthu m'thupi ndipo sititulutsa kanthu. Makinawo amatchedwa ECG, ndipo amajambula mzere wokwera ndi kutsika pa kanema. Mtima ukamathamanga mopyola, ukamachedwa, ukamadumphadumpha kapena mnofu wake ukamaperewera mpweya, mzerewo umasintha maonekedwe. Madokotala anaona kalekale kuti ngakhale mwa amayi athanzi mzerewu umatha kusintha pang'ono pa nthawi ya opaleshoni, makamaka mwana atangotuluka, kenaka n'kubwerera wokha. Mwa mayi wochepa magazi kusinthako ndi chenjezo loti mtima wafika pa malire. Choncho mukaona akukumatani tinthu timeneti, thokozani. Pali munthu amene akuyang'anira mtima wanu kugunda kulikonse.

Palinso kachipangizo kopana chala ngati chopanira zovala. Kameneka kamaonetsa ngati tonyamula mpweya tija tadzaza. Koma dziwani ichi: kamaona kudzaza kwa njinga, sikawerenga kuchuluka kwake. Mayi wochepa magazi kwambiri akhoza kuonetsa nambala yabwino pa kachipangizoka thupi lake likuperewerabe mpweya. Chimene chimanena zoona za magazi anu ndi kuyezetsa Hb, ndipo nthawi yake ndi kusikelo, miyezi isanathe, osati pa khomo la thiyeta.

Manambala ake ndi osavuta kusunga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera Hb yake ikatsika pansi pa 11, magazi achepa. Ikatsika pansi pa 7, achepa moopsa. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 pa 100 aliwonse m'Malawi muno anali ochepa magazi. Tikhale pa mzere wa sikelo tiwerengane: pafupifupi mmodzi mwa awiri alionse. Tatsegulani buku lanu la kuchipatala lero lomwe. Kodi nambala ya Hb yalembedwamo? Ngati mulibe, ulendo wotsatira mukafunse mwaulemu koma molimba mtima kuti, "Anamwino, magazi anga ali pa bwanji?" Safunsa anadya phula.

Tsopano ndifike kwa inu agogo, apongozi ndi anankungwi. Ndimakulemekezani. Munabereka, munalera, ndipo mawu anu pamudzi amamveka kuposa anga. Chifukwa cha chimenecho, mawu anu akalakwika amapha msanga kuposa a wina aliyense. Mukuti mapilitsi owonjezera magazi amakulitsa mwana mpaka mayi kukathera ku mpeni. Si zoona. Mapilitsi aja ali ndi ayironi ndi folic acid, zipangizo zimene thupi limapangira magazi. Mwana wa mayi wochepa magazi ndi amene amabadwa wonyentchera kapena masiku asanakwane. Opaleshoni imabwera pa zifukwa zina: njira yochepa, makamaka kwa atsikana otenga mimba thupi lisanakhwime, mwana wogona mopingasa, nsengwa yotsekereza njira, BP yokwera kwambiri, kapena mwana wotopa m'mimba. Kuletsa mapilitsi sikuchotsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Kumangochititsa kuti opaleshoni ikabwera, imupeze mdzukulu wanuyo alibe mphamvu yoipirira.

Mukutinso mayi wapakati asadye mazira. Mukuti akamwa zakumwa zofiira za m'botolo kapena madzi owiritsa masamba a mapeyala magazi abwerera. Kufiira kwa madzi si magazi. Kukanakhala choncho, bwenzi zipatala zikungogula sobo. Ndipo mukaona mayi wapakati akulakalaka dothi la pachulu kapena la pakhoma, musaseke kuti ndi za pakati. Kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro choti ayironi wachepa m'thupi, ndipo dothilo limawonjezera vuto pobweretsa njoka za m'mimba.

Pamwamba pa zonse pali mwanamphepo ndi mankhwala ena ofulumizitsa matenda. Mumamwetsa mwana kuti achire msanga, chiberekero chimakungika mwamphamvu njira isanatseguke, ndipo mapeto ake chimatha kuphulika. Kumbukirani kafukufuku uja: kuphulika kwa chiberekero kunali m'gulu la zopha. Mayi wotere amafika atataya kale magazi m'kati mwa mimba, ndipo nthawi zambiri jakisoni wa pamsana sangamubayenso, chifukwa BP yake ili kale pansi. Amayenera kugonetsedwa tulo, njira yoopsa ija. Ndiye amene mumati mukumuteteza ku jakisoni, mwamulanda ndi mwayi womwe wobayidwa jakisoniyo.

Inu amayi oyembekezera, nanunso muli ndi mbali yanu. Ndikudziwa kuti mapilitsi aja amanunkha, amachititsa nseru, amadetsa chimbudzi ndipo ena amadzimbidwa nawo. Chimbudzi chakuda si matenda, ndi umboni woti mukumwa. Akakuvutani m'mawa, imwani usiku pogona mutadya. Koma musawaponye kuseri kwa nyumba n'kumadzatiuza kuti munamaliza. Sitikupusitsika ife, akupusitsika ndi mtima wanu womwe. Piritsi limodzi tsiku lililonse, mimba yonse, ndi kupitiriza miyezi itatu mutabereka. Magazi sapangika tsiku limodzi. Pamafunika masabata angapo kuti Hb iyambe kukwera, choncho woyamba sikelo mwezi wachisanu ndi chiwiri wadzichepetsera yekha nthawi. Yambani miyezi itatu isanathe. Kuyambira 2016 WHO imalimbikitsa kuonana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu mimba isanathe, osati kanayi ngati kale.

Kuno ku Mulanje chimodzi mwa zimene zimatha magazi kwambiri ndi malungo. Tizilombo ta malungo timaswa tonyamula mpweya tija, ndipo mwa mayi wapakati timatha kubisala mu nsengwa iye osamva kutentha thupi. Ndicho chifukwa kusikelo amakumwetsani Fansida pamaso pawo miyezi itatu yoyamba ikadutsa, mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu. Amayi amene amamwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku samwa Fansida, ndipo anamwino amakuuzani zimenezo. Neti ija munalandira ndi yogonamo inu, si yotchingira nkhuku kapena mbewu ku dimba. Mankhwala a njoka za m'mimba nawonso imwani akakupatsani, ndipo muzivala nsapato popita kumunda ndi kuchimbudzi, chifukwa njoka zina zoyamwa magazi zimalowera ku mapazi. Mukaona magazi mu mkodzo, nenani, akhoza kukhala likodzo.

Za chakudya sindikuuzani zogula ku Blantyre. Usipa, matemba ndi bonya zodyera limodzi ndi mitu yomwe, chiwindi cha nkhuku mwa apo ndi apo, mazira, ngumbi pa nyengo yake, nyemba, khobwe, nandolo amene timalima tokha, bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya ndi chigwada. Mukatha kudya, idyani chipatso: chinanazi, gwafa, papaya, mango kapena lalanje. Zipatso zimenezi zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo. Ndipo pali chimodzi chimene anthu a kuno sitikonda kumva. Tiyi amene watizungulira m'minda yonseyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi mukamwera limodzi ndi chakudya kapena ndi piritsi. Sindikuti musiye. Ndikuti papite ola limodzi kapena awiri pakati pa tiyi ndi piritsi. Koma tisanamizane: magazi akachepa kale, ndiwo zokha sizingawabweze msanga. Mapilitsi ndi ofunika ndithu, ndipo akachepa moopsa pafupi ndi masiku, chotsala ndi kuikidwa magazi.

Apa ndiye pafika abambo. Bambo, mimba ija ndi yanu. Nsomba ikagulidwa, mutu ndi mnofu wabwino zimapita m'mbale yanu, mayi wapakati n'kutsala ndi msuzi. Miyezi imeneyi sinthani mbalezo. Mukaona akazi anu akupuma befu pokwera kamtunda kamene kale ankakwera atasenza ndowa, musati ndi ulesi. Tsitsani chikope chawo cha m'munsi muone m'kati. Mukhale mofiira. Mukakhala moyera, pamodzi ndi lilime ndi zikhato, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwaperekeze. Sungani ndalama ya transipoti mimba ikadali yaing'ono. Ngati anauzidwa kuti akadikirire kuchipatala, kapena anachitidwapo opaleshoni m'mbuyomu, apite kuchidikiro nthawi ikadalipo, ku chipatala chimene chili ndi thiyeta, monga cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndipo magazi amene timaika amayi aja samera m'munda. Amachokera m'mikono ya anthu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera magazi kwa opereka mwaufulu, kuwayeza ndi kuwagawa m'zipatala. Ambiri opereka ndi ana a sukulu, ndiye sukulu zikatsekera magazi amasowa. Abambo amphamvu zawo, olima ndi opalasa njinga tsiku lonse, ali kuti? Tonse tikukumbuka 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, azaumoyo n'kumaopa kulowa m'midzi. Mantha amenewo sanatheretu. Mpaka lero alipo okana kubayidwa pa chala kuti tiyeze Hb, ati magazi awo akagulitsidwa. Kadontho kamodzi! Koma munthu yemweyo, mkazi wake akamatsirizika, ndiye woyamba kukalipa kuti chipatala chilibe magazi. Simungakane kupereka n'kumayembekeza kulandira. Munthu wathanzi akapereka paketi imodzi, yosakwana ndi theka la lita lomwe, thupi limabwezeretsa lokha, ndipo mphamvu za m'nyumba sizichoka monga amanamizirana ku bawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwina wina akuti, nanga inu achipatala ndinu angelo? Ayi. Ifenso tili ndi milandu yathu. Pali masiku amene mayi amabwera kusikelo n'kubwerera osayezedwa magazi chifukwa zipangizo zatha. Pali masiku amene mapilitsi kulibe. Pali anzathu olankhula mokalipa mpaka mayi kuopa kufunsa. Pali usiku umene namwino mmodzi amayang'anira wodi yodzaza, ndipo mayi wotaya magazi mwakachetechete amaonedwa mochedwa. Kafukufuku uja anaonetsanso poyera kuti wogonetsa wophunzira bwino amapulumutsa miyoyo, choncho boma likamachedwa kuphunzitsa ndi kulemba ntchito anthu amenewa, ndi amayi amene amalipira. Zimenezi muzidandaula, kudzera ku komiti ya chipatala, kwa mafumu, kwa makhansala ndi kwa aphungu anu. Koma dandaulani chinthu choyenera. Funsani chifukwa chake kulibe choyezera magazi. Musalimbane ndi jakisoni amene akupulumutsa ana anu.

Nanga msana umene umawawa pambuyo pake? Pamalo obayidwa pamatha kuwawa masiku angapo, ngati jakisoni wina aliyense. Ena amamva mutu waukulu umene umakula akadzuka n'kuchepa akagona. Umenewo umachokeradi ku jakisoni, nthawi zambiri umatha pa masiku ochepa, ndipo muyenera kuwauza anamwino. Kuwonongeka kwa mitsempha kokhalitsa kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Koma msana wowawa miyezi ndi zaka umapezekanso mwa amayi amene sanabayidwepo n'komwe. Mimba imafewetsa mfundo za m'chiuno, kenaka sabata zitatu zisanathe mayi ali ndi khasu m'manja, mwana kumsana, mtolo wa nkhuni pamutu. Msanawo ukadandaula, timati ndi jakisoni. Apongozi, m'malo mofalitsa mbiri imeneyi, mulandireni mpongozi wanuyo khasu kwa miyezi iwiri.

Tsiku la opaleshoni likakufikirani, thandizani wogonetsa kuti akuthandizeni. Muuzeni zoona: nthawi imene munadya komaliza, mankhwala achikuda amene mwamwa, ngati munayamba mwakomoka, ngati muli ndi vuto la mtima, BP, mphumu kapena khunyu, ndiponso ngati mwakhala mukutaya magazi. Sakufunsani kuti akukalipireni. Yankho lanu ndi limene limamuuza njira yoti asankhe. Pobaya khalani phee. Muli pa tebulo, mukamva nseru, kubanika, kulemera pachifuwa kapena dzanzi m'manja, lankhulani nthawi yomweyo. Ubwino wa kukhala maso ndi umenewo.

Ndipo inu odikirira odwala, kumbukirani amayi 68 aja amene anamwalira ku wodi. Ntchito yanu sithera pa kulira kwa mwana. Usiku woyamba musagone tulo tofa nato, ndipo musathere nthawi yonse ku khitchini. Yang'anani nsalu imene wagonera. Ikamanyowa magazi msangamsanga, pakamatuluka zibuma zikuluzikulu, mimba ikamatupa, akamatuluka thukuta lozizira, akamapuma mofulumira, akamadandaula ludzu losatha kapena kuyankhula zosamveka, thamangani mukaitane namwino. Akachedwa, pitaninso. Bola akunyozeni kuti ndinu ovuta kusiyana n'kukhala chete mwaulemu mpaka m'mawa.

Mukatuluka, pitirizani mapilitsi, ndipo sankhani njira yolera musanafike kunyumba. Thupi limafuna zaka ziwiri kuti chilonda cha chiberekero chilimbe ndi magazi abwerere. Mimba zotsatizana ndi zimene zimasiya mayi ali mbuu chaka ndi chaka.

Amayi aja a pa Chinakanaka ndinawauza zomwezi mwachidule minibasi isanafike. Mmodzi anangoti, "Ndiye tinkadziwa bwanji?" Ndi funso labwino, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi. Tsopano mwadziwa. Amene muli ndi foni, muwawerengere agogo ndi apongozi amene alibe. Ndipo ngati pakhomo panu pali woyembekezera, musadikire mawa: muitaneni, muone m'maso mwake, mutsegule buku lake la sikelo, ndipo mumufunse kuti akuonetseni pamene pali mapilitsi ake.